Abiti Japani ndi Petulo wa M'zigubu

Ana anga, nkhani ya galimoto ya Che Saidi mwaimva kangapo kwa mayi anu, koma iwo amaidula kwambiri, ndipo pena amaikometsera mbali yawo. Poti tsopano ndinapuma ntchito ndipo maso akuonabe, ndati ndiilembe ndekha monga inachitikira.

1975 mpaka 2001

Ntchito yanga yoyamba inali ya udalaivala mu unduna wina wa boma, nthawi imene Lilongwe inali fumbi lokhalokha, likulu likumangidwa kumene. Sindinakhalitse mumzinda. Ananditumiza ku Karonga, kenako ku Nsanje, kenako ku Mchinji, ndipo kulikonse ndinkapeza bwana wa mtundu wake. Wina ankagona chitseko chikangotsekedwa, n'kudzadzuka titafika akufunsa kuti tachedweranji. Mayi wina sankalola kuti ndilize injini asanapemphere, ndipo pemphero lake linkayambira kwa Adamu. Galimoto za masiku amenewo zinali ngati abulu, zinkamwa chilichonse chomwe wazipatsa osadandaula. Chimene chinandipweteka pa zaka zonsezo ndi chimodzi. Ndili ku Karonga, agogo anu aamuna anamwalira kwathu ku Ntcheu. Inali nyengo ya dzinja, mlatho wina unali utakokoloka, ndipo uthenga unandipeza mochedwa. Pamene ndinkafika kumudzi, pamanda panali patamera kale timaudzu. Ndinabwerera ku ntchito osauza munthu aliyense mmene mumtima munalili. Mu 2001 ndinapuma m'boma, ine ndi mayi anu tinakhazikika m'nyumba yathu ino ya ku Kawale.

2002

Penshoni inali yongogulira sopo ndi mchere, ndipo ena mwa inu munali mudakali pasukulu. Mnzanga wina anandiuza kuti ku Area 23 kuli kalipentala wochokera ku Namwera, dzina lake Che Saidi, amene akufuna dalaivala woyendetsa pikapu yake yonyamulira mipando ndi mabedi kupititsa kwa makasitomala. Ndinawapeza atavala mkanjo wodzaza utuchi, pensulo ili pakhutu, akukalipira thabwa lopindika ngati likumva. Anali munthu wamfupi, wa msinkhu wanga womwewu, wolankhula mofulumira ndi Chichewa chonunkhira Chiyao.

"Inu ndi a Mbewe? Mumamwa mowa?"

"Ayi, bwana, ndinasiya kalekale."

"Zoti bwanazo zisiyeni kuboma komweko. Kuno ndine Che Saidi. Nanga Lachisanu masana ndikakhala mumzikiti, inu muzitani?"

"Ndizikudikirani panja. Koma Lamulungu m'mawa musandifune, ndimakhala kutchalitchi."

Anaseka mpaka kutsokomola, nati tagwirizana. Iwo sanaphunzire kuyendetsa galimoto moyo wawo wonse. Ankati manja awo Mulungu anawalengera matabwa, ndipo chiwongolero n'cha ena. Pa nthawi ya kusala kudya ankandigulira chakudya cha masana iwo ali ndi njala, ndipo ndikabisala kuseri kwa shedi yawo yopalira matabwa kuti ndidye osawaonetsa, ankandiitana n'kunena kuti, "Idyani pompano, a Mbewe, kuti mphoto yanga ichuluke."

2006

Bizinesi itakula, Che Saidi anayamba kulota galimoto yaing'ono yochitira hayala pa maukwati. Anaitanitsa yogwiritsidwapo kale ntchito kuchokera ku Japan, atangoiona pachithunzi. Inafika yoyera ngati ufa woyera, yokhala ndi chibowo pamwamba pa boneti chokokera mpweya. Tsiku limene ndinaiimika kutsogolo kwa shedi, anthu a mu Area 23 anasiya zochita zawo kudzaizungulira. Che Saidi anaiyenderera mbali zonse, anaisisita padenga, kenako anati, "Uyu ndi Abiti Japani." Kwawoko mwana wamkazi amamutchula ndi dzina la bambo ake, kutsogolo kwake n'kuikako Abiti. Dzinalo linakhazikika pomwepo.

Tsiku lotsatira ndinaithira petulo pa filing'i monga mwa nthawi zonse. Pokwera kamtunda ka ku Area 25 ndinaponda moto, ndipo galimoto inathamanga moti msana wanga unakanirira kumpando, koma m'kati mwa injini ndinamva kaphokoso ngati wina akugwedeza timiyala m'chitini. Ndinapita nayo ku Biwi kwa a Kamwendo, makaniko amene ankatikonzera pikapu. Anatsegula boneti, anandionetsa chitsulo chozungulira ngati nkhono, nati dzina lake ndi tebo.

"Ntchito yake ndi kukankhira mpweya wambiri m'injini," anatero a Kamwendo. "N'chifukwa chake injini yaing'ono ngati iyi ikukoka ngati yaikulu. Koma mpweya ukapanikizika chotere umatentha, ndiye petulo akakhala wofooka amaphulika yekha nthawi yake isanakwane. Timiyala mwamvato ndi timeneto. Ndiye kuti moto ukumenya pisitoni isanafike pamalo pake. Mukazilekerera, tsiku lina idzabooka."

"Nanga petulo wathuyu ndi woipa?" ndinafunsa.

"Si woipa ayi, ndi wabwinobwino kwa galimoto wamba. Koma uyu kwawo anazolowera wamphamvu kuposa ameneyu. Kunja kuli mapampu awiri, wina wa petulo wamba, wina wa petulo wapamwamba, munthu umasankha. Ife kuno pampu ndi imodzi."

Anandilangiza zinthu zingapo. Petulo ndizigula pa filing'i pokhapokha, pamene pamadutsa galimoto zambiri. M'thanki ndizithiramo kabotolo ka mankhwala owonjezera mphamvu ya petulo, kamene kankapezeka m'masitolo a zipangizo za galimoto ku tauni. Kunja kukatentha ndisamaponde moto pamtunda. Ndikafika kumene ndikupita, injini ndiziisiya ilire pang'ono kuti tebo izizire ndisanazimitse. Ndipo koposa zonse, petulo wa m'zigubu, wogulitsidwa m'mbali mwa msewu, asadzalowemo ngakhale dontho, chifukwa ambiri amamusakaniza ndi palafini.

Nditawafotokozera Che Saidi, anagwira mutu. "Ndiye kuti ndakwatira mwana wa mfumu! Sadya zimene timadya tonsefe?" Koma kabotoloko ankagula osanyinyirika, ndipo ankakonda kudzaonerera ndikuthira, ngati bambo woonerera mwana akumwa phala.

Zaka zotsatirazo zinali zokoma. Loweruka lililonse Abiti Japani ankavala maliboni. Tinanyamula akwati a ku Chinsapo, a ku Mgona, a ku Tsabango, Akhristu ndi Asilamu omwe, m'misewu ya mabampu imene ndinkayendamo ngati ndanyamula mazira. Ana ankatithamangira pambuyo kufuna kumva kamluzu kamene tebo inkaimba ndikasintha giya. Ndinkaitsuka ndekha, ndipo sindinkalola munthu kudyeramo chimanga chootcha. Mayi anu anafika ponena kuti m'nyumba muno mwalowa mitala. Tsiku lina ndikupukuta magalasi pabwalo pano anati, "Bambo a Chikondi, ine chikhalire simunandigulireko kabotolo ka mankhwala owonjezera mphamvu." Komabe pa ukwati wa Chikondiyo, Che Saidi atatipatsa galimotoyo ulere, amene anakana kutsikamo titafika ku holo anali mayi anu omwewo.

Mu 2008 pikapu yakale ija inatheratu, ndipo inagulitsidwa kwa ophwasula. Mipando inayamba kupita kwa makasitomala pa galimoto za hayala. Kuyambira pamenepo ntchito yanga yonse inatsamira pa Abiti Japani yekha.

2009

Chakumapeto kwa chaka chimenechi mafuta anayamba kusowa m'dziko muno. Inu akuluakulu mukukumbukira mizere ya galimoto yozungulira ma filing'i, madalaivala atakhala pansi pa mitengo kudikira thankala yomwe palibe ankadziwa kuti ibwera liti. Mphekesera ikangomveka kuti mafuta afika ku Area 25, mzinda wonse unkathamangira kumeneko, n'kukapeza pampu ili gwa. Timabotolo tija natonso tinasowa m'masitolo. Petulo amene ankapezeka mosavuta anali wa m'zigubu yekha, kuseri kwa magalaja a ku Biwi ndi m'tinjira ta ku Mgona. Ine ndinakana maukwati angapo m'malo mothira ameneyo. Che Saidi sananditsutsepo. M'thanki ndinali nditasungamo petulo wabwino pang'ono, wokwanira ukwati umodzi wa m'tauni momwemo.

Tsiku lina m'mawa, nyengo yotentha mvula isanayambe, ndinafika ku shedi n'kupeza makina onse ali zii. Che Saidi anali atakhala pa mulu wa matabwa, foni ili m'manja, akazi awo ataima pambali akulira chamumtima.

"Amayi atisiya m'bandakucha," anatero Che Saidi. "Aikidwa lero lomwe, anthu akatha kupemphera swala ya chakumadzulo."

Mukudziwa kuti kwa anzathu Achisilamu maliro sagonera. Ndipo Che Saidi anali mwana wamwamuna yekhayo amene anatsala, woyenera kutsikira m'manda kukalandira thupi la mayi ake ndi kuligoneka. Anali atatumiza kale munthu ku depoti, koma mabasi ambiri anali pamizere ya dizilo, ndipo imene inalipo inali isanayambe n'kudzaza komwe. Ngakhale ikananyamuka, ku Namwera akanafika kutada.

"Petulo amene muli naye angatifikitse pati?" anafunsa.

"Mwina pa Dedza. Kupitirira apo ayi."

Anayang'ana galimoto, anayang'ana ine, kenako anayang'ana pansi. Ndinadikira kuti alamule, poti galimoto inali yawo, koma sanatero. Anangoti, "Mulungu ndiye mwini zonse. Ndiwaimbira kuti asandidikire."

Ndinawapempha kuti ayambe adikira kaye, ndipo ndinapita ku Biwi. A Kamwendo anandiperekeza kwa munthu wina amene ankati zigubu zake n'zabwinoko. Ndinathira petuloyo pang'ono pachikhatho n'kuuzira. Petulo weniweni amauma nthawi yomweyo n'kusiya khungu loyera, koma uyu anasiya chikhatho chili noninoni, ndipo fungo la nyali linkamveka. Tinayesa kwa wina, zinali chimodzimodzi. A Kamwendo anandikokera pambali.

"A Mbewe, mukathira uyu, m'chigwa muyenda. Koma kutentha kuli kunjaku, ndi mtunda wa ku Chowe uja pokwera ku Namwera, ine sindikulonjezani kanthu. Ndipo injini ya mtundu uwu simungaipeze m'dziko muno panopa."

Ndinaima pamenepo chigubu chili pamapazi anga. Ndinali ndi zaka zoti palibe akanandilembanso ntchito kwina, ndipo wotsiriza wa inu anali asanamalize sukulu. Galimoto ikafa, udalaivala wanga wafera pomwepo. Ndikanatha kubwerera n'kukanena kuti petulo woyenera sanapezeke, ndipo sakanandiimba mlandu, chifukwa zinali zoona. Koma ndinakumbukira timaudzu tija pamanda a bambo anga, ndi mmene ndinaimira pamenepo ngati mlendo. Ndinauza wogulitsayo kuti abweretse fanulo yothirira. Tinadzaza thanki, zigubu zina tinaika kumbuyo.

Nditafika ku shedi ndinangotsegula chitseko n'kunena kuti, "Kwerani, Che Saidi, nthawi ikutha." Ananunkhiza mpweya n'kundiyang'ana. Anakhala kutsogolo, akazi awo kumbuyo.

Mpaka pa Dedza galimoto inayenda bwino ndithu, ine ndikuponda mopepuka kuti tebo isadzuke. Tinatsika mapiri a Khwekhwelele mosavuta, poti kutsika sikufuna mphamvu. Koma titafika m'chigwa cha Golomoti kunatentha ngati m'ng'anjo, ndipo timiyala tija tinayamba kulira nthawi iliyonse ndikafuna kupitirira njinga kapena ngolo. Ndinazimitsa choziziritsa mpweya, tinatsegula mawindo. Che Saidi ankangoyendetsa mikanda yawo yopempherera m'zala. Foni inkalira pafupipafupi, iwo n'kumayankha m'Chiyao mawu ochepa, ndipo ndinkamvamo mayina a malo amene tadutsa. Pa Mangochi tinaima, ndinathira zigubu zotsala zija n'kuonjezera madzi, dzuwa litapendeka kale.

Titawoloka mtsinje wa Shire, mtunda wa Chowe unayamba. Kumeneko kunalibenso kunyengerera, galimoto inafunika mphamvu kuti ikwere. Ndinaika giya yotsika n'kuponda. Timiyala tinasanduka nyundo. Kamuvi koonetsa kutentha kanayamba kukwera, ndipo pa galasi ndinaona utsi wotuwa ukutitsatira. Akazi a Che Saidi kumbuyo anayamba kupemphera mokweza. Ine ndinapezeka ndikuyankhula ndi galimoto ngati munthu: "Limba mtima, mwana wanga, patsala pang'ono. Ukafika pamwamba upuma." Pa khona lina inatsokomola, mphamvu inatha theka, ndipo ndinadziwa kuti pisitoni imodzi yapita. Inakwerabe ndi zotsalazo, ikunjenjemera thupi lonse, mpaka tinatulukira pamwamba. Tinayenda ndithu pamalo athyathyathya, tinakhota kulowa msewu wafumbi wa kumudzi kwawo, ndipo denga la mzikiti litayamba kuonekera patali, injini inangoti gu, n'kuzima. Ndinayesa kuliza, sinayankhe.

Che Saidi sanadikire. Anatsika, anakwinya mkanjo m'manja, n'kuyamba kuthamanga. Sindinaonepo munthu wa msinkhu umenewo akuthamanga chotero, nsapato imodzi anaisiya mumsewu. Ine ndinatola nsapatoyo, ndinakhoma galimoto, n'kuwaperekeza akazi awo aja mpaka kunyumba ya maliro kumene kunali azimayi anzawo. Pamene ndinkafika kumzikiti, amuna anali akutuluka atanyamula jeneza, chonyamulira maliro chija, ndipo Che Saidi anali kutsogolo, phewa lili pansi pa mtengo wake, phazi limodzi lopanda nsapato.

Ndinatsatira pambuyo patali, poti sindinkadziwa mwambo wake. Anthu ankasinthana kunyamula, wina akalowa wina n'kutuluka. Mkulu wina wa ndevu zoyera anandifunsa ngati ndine dalaivala wa ku Lilongwe uja. Nditavomera anandigwira dzanja n'kundilowetsa pamzere. Ndinamuuza kuti ndine Mkhristu. Iye anati, "Maliro n'kulirana, bambo. Ikani phewa." Ndinanyamula nawo mayi amene sindinawaonepo ali moyo. Kumanda ndinaona Che Saidi akutsikira m'dzenje, natambasula manja kulandira thupi lokulungidwa m'nsalu yoyera, ndipo analigoneka mosamala monga ankagonekera galasi pa kabati yatsopano.

Abiti Japani anabwerera ku Lilongwe atakwezedwa pa lole ya matabwa. A Kamwendo atatsegula injini anandiitana kuti ndidzaone. Pisitoni imodzi inali ndi bowo loti chala n'kulowa, ina inali itasungunuka m'mphepete, ndipo tebo inali itauma gwa. Anati injini ina iyenera kuchokera kunja, ndipo mmene zinthu zinalili chaka chimenecho, tisayembekezere msanga. Sinabwere konse. Patapita nthawi galimotoyo inagulidwa ndi munthu wina wa ku Mchesi amene ankafuna zitseko ndi mipando yake.

Che Saidi atabwerako ku maliro, ndinavala jekete langa labwino n'kupita ku shedi kukapereka makiyi ndi kutsanzika. Mayi anu anali atandiuza kale kuti ndisadandaule, tidzalima ndiwo kudimba. Ndinawapeza akupala thabwa. Ndinaika makiyi pa benchi.

"Che Saidi, galimoto palibe, ndiye dalaivala alibenso ntchito. Ndabwera kudzathokoza."

Anapitiriza kupala kwa kanthawi, kenako anaima n'kufunsa osandiyang'ana.

"Pamene munkathira petulo uja ku Biwi, munkadziwa kuti ifa?"

"Ndinkadziwa kuti ikhoza kufa."

"Inenso ndinkadziwa. Ndipo ndinkadziwa kuti ikafa, amene agone ndi njala ndi inu, osati ine. N'chifukwa chake pakamwa panga panalemera, sindikanatha kukupemphani." Anapukuta m'maso ndi mkono wa mkanjo, utuchi n'kutsalira pamphumi. "Ine mayi anga ndinawalandira ndi manja awa. Ndiye lero ndikuuzeni kuti pitani kwanu? Ku Namwera ndingakaonekenso bwanji? Vulani jekete limenelo, lingade."

Anandipatsa sandipepa n'kundilozera mpando umene unali usanapakidwe vanishi. Ndinawauza kuti chibadwire sindinagwirepo ntchito ya matabwa. Anati nawonso chibadwire sanagwirepo chiwongolero, koma anakhala ndi galimoto zaka zonsezo.

Ndinakhala m'shedi imeneyo mpaka pamene mawondo anandikaniza kukwera minibasi tsiku ndi tsiku. Sindinafike pokhala kalipentala, koma kusalaza ndi kupaka vanishi ndinakudziwa, ndipo masana tinkakhala pa mulu wa matabwa awiriwiri kukangana za mpira ndi za Mulungu. Mpando woyamba uja palibe kasitomala anaufuna, chifukwa mwendo umodzi ndinaudya kwambiri ndi sandipepa. Che Saidi anati ndiutenge ndizikhalira ndekha kuti ndiphunzire. Ndi uja uli pakhonde, umene mumauikira kachidutswa ka katoni pansi pa mwendo mukabwera kudzationa.